Pepala lomwe linakana kuwola pa dzala la amayi

Selotepi ya usiku ule

Inali cha m'ma 2 koloko usiku, mu Januwale, ku Durban kukutentha kuja kwakuti malaya amakumata pamsana ngakhale ungoima osagwira kanthu. Ndinali nditatha zaka zinayi pa makina osindikizira mapepala okulungira zakudya, moti manja ankadziwa okha chochita. Ukasindikiza mamita angapo oyamba umaimitsa makina, n'kudula kachidutswa, n'kumata selotepi pamwamba pa zolembedwazo, n'kuikanikiza ndi chala chachikulu, kenako n'kuimatula mwamphamvu kamodzi. Inki ikatsalira pa pepala, ntchito ipitirire. Ikatsata selotepi, ndiye kuti pali mlandu.

Usiku umenewo inatsata selotepi. Osati timadontho tochepa m'mbali monga zimachitikira nthawi zina, ayi. Chithunzi chonse cha tsamba lobiriwira, pamodzi ndi mawu olonjeza kuti paketiyo idzawola n'kusanduka manyowa, zonse zinasamukira pa selotepi, pepala n'kutsala mbee ngati sitinalikhudze.

Ndinabwereza katatu, zomwezo. Ndinakaitana akapitawo, bambo wina wa ku Ntcheu amene anafika ku Joni ine ndisanayambe sukulu. Anaiunika selotepiyo ku getsi, n'kukanda pepalalo ndi chikhadabo.

"Mphwanga, corona wayatsa?" Ankanena kachipangizo ka pa makina athu kokonza pepala kuti inki igwire.

"Ndayatsa, achikulire, koma pang'ono. Pa chikalata alemba kuti mpukutuwu unabwera wokonzakonza kuchokera ku fakitale kwawo."

"Unabwera liti?"

Tinakaona m'buku. Kuwerengera masiku a panyanja, a padoko, ndi amene unakhala m'nyumba yathu yosungira katundu ya malata ija, inali itadutsa miyezi pafupifupi itatu. Akapitawo anangogwedeza mutu n'kunena kuti, "Laiwala limeneli."

Mawu amenewo, akuti pepala laiwala, ndi amene anandilowetsa m'nkhani yonseyi, mpaka kukafika nayo pa dzala la amayi anga ku Mulanje.

Pulasitiki wa chimanga

Mpukutu umene unatikanawo sunali wa pulasitiki wa masiku onse. Unali wa PLA. Ameneyu sachokera ku mafuta a pansi panthaka. Amatenga sitachi wa chimanga kapena chinangwa, kapena shuga wa nzimbe, n'kumusasitsa ndi tizilombo mpaka atuluke asidi yemwe uja amawawasitsa chambiko, kenako n'kulumikiza mamolekyu ake kukhala unyolo wautali. Wallace Carothers anayesapo kale zimenezi ku kampani ya DuPont mu 1932, koma panapita zaka zambiri asanayambe kupangidwa wochuluka. Fakitale yaikulu ya NatureWorks ku Blair, m'chigawo cha Nebraska ku America, inatsegulidwa mu 2002 ndipo imagwiritsa ntchito chimanga. Ina ili ku Rayong ku Thailand, yogwiritsa ntchito nzimbe.

Kumuona ndi wokongola, woonekera ngati galasi, ndipo ukamufinya amachita phokoso la tswatswatswa kuposa majumbo omwe tinazolowera. Nditamva koyamba kuti ndi wa chimanga ndinasangalala ngati mwana. Ndinkaganiza za mtsinje wa Mudi ku Blantyre, momwe majumbo amakolekera m'mabango madzi akaphwera, ndi za mbuzi ya malume yomwe tinaipeza ndi mapulasitiki odzaza m'mimba. Ndinati basi, mankhwala apezeka.

Dontho pa tsamba la koko

Amene munakulira kumene kuli madimba mukudziwa momwe mvula imachitira pa tsamba la koko. Dontho silimwazika. Limadzikunga ngati mkanda, n'kumagubuduzika, tsamba osanyowa konse. Chitenje chatsopano chosachapa chimachitanso chimodzimodzi. Vuto la wosindikiza pa pulasitiki ndi lomwelo. Madzi amakondana okhaokha kwambiri, ndipo pokhapokha khungu la chinthu litawakoka mwamphamvu ndi pamene amalola kugona pansi n'kufalikira.

Pa ntchito pathu mphamvu yokoka imeneyi timaiyeza ndi ma dyne. Madzi ali pa 72. Pulasitiki wa majumbo wamba ali cha pa 31, n'chifukwa chake ukalemba pa jumbo ndi cholembera inki imafufutika ndi chala. Kuti inki yosungunulira m'mankhwala igwire pamafunika 38 kapena kuposerapo, ndipo inki yosungunulira m'madzi imafuna zoposa pamenepo. Kasitomala wathu ankafuna inki ya madzi, chifukwa paketi yoti ikawole siyenera kunyamula mankhwala oipa.

Akapitawo ankayenda ndi zolembera zisanu ndi chimodzi m'thumba la ovolo, chilichonse ndi nambala yake. Umakoka mzere pa pepala n'kuwerenga masekondi awiri. Mzere ukakhala wathunthu, pepala lafika pa nambala imeneyo. Ukaduka n'kusanduka timikanda, silinafike. Usiku uja cholembera cha 44 chinasanduka mikanda nthawi yomweyo, cha 40 chimodzimodzi. Cha 38 chokha ndi chimene chinayesa kugwira. Koma chikalata chochokera kwa opanga chinkanena nambala yapamwamba kwambiri, ndipo sindikukhulupirira kuti ananama. Tsiku limene ankayeza, pepalalo linalidi pamenepo.

Corona imene akapitawo ankafunsa si matenda aja. Ndi kachipangizo kamene kali kumayambiriro kwa makina athu. Pepala limadutsa pa chigudumu, ndipo pamwamba pake, kampata ka milimita imodzi kapena ziwiri, pali ndodo yodzaza magetsi amphamvu kwambiri. Mpweya wa m'kampatako umayaka kuwala kwa pepo, kumalira ngati njuchi zili m'mphako, ndipo pamatuluka fungo lakuthwa la ozoni lomwe fani imayenera kulikokera panja chifukwa limapweteka m'chifuwa. Anayambitsa njirayi ndi injiniya wa ku Denmark, Verner Eisby, mu 1951, kasitomala wake atamufunsa momwe angalembere pa pulasitiki. Kampani yake ya Vetaphone ikadalipo ku Kolding. Ine zaka zinayi zonsezo ndinkangoyatsa ndi kuzimitsa, osadziwa kuti kuwala kuja dzina lake ndi plasma.

Moto wosaotcha

Patapita sabata, mayi wina amene ndi injiniya woona za ubwino wa katundu pa fakitale pathu anati akupita ndi zidutswa ku labotale ya yunivesite ina kuti akayeze bwinobwino. Anafuna munthu womuthandiza kudula ndi kulemba manambala. Ndinadzipereka, ngakhale linali tsiku langa lopuma.

Chipinda chake chinali chaching'ono, chozizira. Pa tebulo panali chitsulo chozungulira, kukula kwake ngati poto wophikira nsima pa ukwati, chili ndi kazenera kagalasi kutsogolo. Mtsikana wina amene ankachita maphunziro ake apamwamba pa makinawo anayamba ndi kutionetsa pepala losakonza. Analigoneka pansi pa kamera, n'kudontheza kadontho kamodzi ka madzi kuchokera ku singano. Pa kompyuta kadonthoko kanaoneka kakakulu ngati chulu, kataima chilili. Kompyuta inayeza kupendekeka kwa m'mbali mwake n'kulemba madigiri 76.

Kenako anatenga chidutswa china cha mpukutu womwewo n'kuchiika mu poto muja. Anatseka, nayatsa pampu yokoka mpweya. Tinadikira mphindi zingapo pampuyo ikugunda. Analowetsamo okosijeni pang'ono chabe, nazimitsa getsi la m'chipindamo, n'kudina batani.

Mkati monse munayaka. Sikunali kuyaka kwa lawi lokhala ndi malilime, koma kuwala kodekha, kotuwa mopita ku buluu, kodzaza poto yense mofanana, kopanda utsi, kopanda phokoso. Kachidutswa kathu kanali gone pakati pa kuwalako osapindika, osasungunuka. Ndinaima pa kazenera paja mpaka mphuno kugunda galasi. Masekondi 30, n'kuzimitsa.

Atatsegula anandiuza kuti ndichigwire m'mphepete. Ndinazengereza, chifukwa chinthu chochokera m'moto umayamba wachiuzira. Chinali chozizira. Kuchiyang'ana, chinali chimodzimodzi monga chinalowera, choonekera, chosalala, chopanda banga. Ndinaganiza kuti palibe chachitika.

Anachigoneka pansi pa kamera n'kudonthezanso. Dontho lija linangofika n'kugona, kufalikira ngati mafuta pa chiwaya. Madigiri 41.

Ndinapempha kuti abwereze ine nditagwira singano. Anandilola. Kumanzere pepala losakonza, dontho chilili. Kumanja pepala lochokera mu poto, dontho gone. Mapepala awiri omwe maso anga sakanawasiyanitsa, madzi ankawasiyanitsa mosaphonya. Sindikumbuka kuti ndi liti pamene chinthu china chinandigwira mtima chotero pa ntchito. Ndinakhala chete nthawi yaitali, mpaka injiniya uja anandifunsa ngati ndili bwino.

Pobwerera m'galimoto anandifotokozera pang'onopang'ono. Kusukulu tinaphunzira kuti chinthu chimakhala cholimba, chamadzi, kapena mpweya. Plasma ndi mkhalidwe wachinayi. Ukapatsa mpweya mphamvu yochuluka, maelekitironi amathothoka ku maatomu ake n'kumayenda okha. Mphezi ndi plasma, dzuwa ndi plasma, ngakhale kuwala kwa m'mababu aatali aja a m'makalasi. Dzinali analipereka ndi Irving Langmuir mu 1928, koma plasma imeneyi ndi yosiyana ndi plasma ya m'magazi imene amanena kuchipatala. Chinsinsi cha poto uja n'chakuti mphamvu yamagetsi imapita kwa maelekitironi okha. Iwo amatentha kupitirira madigiri 10,000, koma ndi opepuka kwambiri moti satha kutenthetsa mpweya wonsewo. N'chifukwa chake PLA, amene amayamba kufewa akangofika pa madigiri 55 mpaka 60, amatulukamo wozizira.

Nanga chimasintha n'chiyani? Maelekitironi aja, pamodzi ndi zidutswa za okosijeni zomwe zaswekaswekamo, amamenya khungu la pulasitiki n'kudula timfundo ta pa unyolo wake. Pamalo podukapo okosijeni amakakamira. Khungu lomwe linali losalala ngati tsamba la koko limadzaza tizigwiriro tosaoneka, tomwe madzi, inki ndi guluu zimatha kugwira. Limakumbikanso pang'ono n'kukhala ndi timaenje. Corona ya kuntchito kwathu imachita zomwezo ndi mpweya wamba, kungoti ya mu poto umasankha wekha mpweya woti ulowe, ndipo zotsatira zake zimadalira mpweyawo. Nayitirojeni kapena amoniya amasiya zigwiriro zomwe maselo a thupi amakonda, n'chifukwa chake ofufuza za chipatala amakonza motere timafelemu ta PLA tomeretsapo fupa kapena khungu. Mpweya wokhala ndi fluorine umachita zosiyana, umapangitsa pepala kukana madzi kuposa kale. Palinso njira yoyala kagalasi kopyapyala kwambiri pamwamba pa pulasitiki kuti chinyezi ndi mpweya zisadutse. Imeneyi ndi yofunika kwa PLA, chifukwa iye amalowetsa chinyezi msanga, ndipo mabisiketi okulungidwa mwa iye yekha sachedwa kufewa.

Chomwe chinandikondweretsa kwambiri n'chakuti zonsezi zimachitika popanda kuviika pepala m'mankhwala, popanda madzi oipa otayira mu mtsinje. Mpaka lero ndimaiona njirayi kuti ndi yaukhondo ndiponso yanzeru.

Mita imodzi pa Sapitwa

Koma pali nambala imodzi imene injiniya uja ananena mongodutsa, ine osaigwira tsiku limenelo. Anati plasma imasintha ma nanomita 10 okha, mwina makumi angapo, a pamwamba penipeni. Nanomita ndi milimita imodzi yogawidwa kamiliyoni. Pepala lathu linali lokhuthala ma micron 30, amene ndi ma nanomita 30,000.

Ndinadzawerengera bwino pambuyo pake, nditakhala pa khonde kwathu ndikuyang'ana phiri. Sapitwa, nsonga yaitali kwambiri ya phiri la Mulanje, ndi wamtali mamita 3,002. Pepala lija litakhala lokhuthala ngati kutalika kwa Sapitwa, chimene plasma yasintha chingakhale mita imodzi ya pansonga. Mwala umene munthu amaimapo pojambulitsa chithunzi. China chonsecho, kutsika mpaka pansi, chili monga chinalili.

Chifukwa chake linaiwala

Kupyapyala kumeneku ndi kumene kunatipweteka usiku uja. Unyolo wa pulasitiki sukhala duu. Umagwedezeka, umatembenuka pang'onopang'ono. Tizigwiriro ta okosijeni tija sitikonda kuyang'anizana ndi mpweya wouma, choncho m'kupita kwa masiku timatembenukira mkati n'kubisala. Mankhwala ena omwe opanga amathira kuti pepala lizitereza pa makina nawonso amakwera pamwamba n'kuphimba khungulo. Kukatentha, zonsezi zimafulumira. Tsono taganizani kontena yachitsulo itakhala padzuwa padoko la Durban mu Disembala, ndiponso kuti PLA amafewa pa kutentha kochepa chonchija. Akapitawo sanaphunzire zimenezi m'kalasi, koma mawu awo oti laiwala anali olondola kuposa momwe ndikanafotokozera ine.

Usiku womwe uja ndinafuna kukweza corona mpaka kumapeto kuti tithane nazo. Anandigwira dzanja.

"Ukapsereza nsima sikuti waphika kwambiri, mphwanga. Kweza pang'onopang'ono, uziyeza."

Ku labotale ndinadzamva chifukwa chake. Ukapitirira muyeso, unyolo wa pamwamba umadukaduka n'kusanduka tizidutswa tating'ono togona pamwamba ngati fumbi. Cholembera cha dyne chimakuonetsa nambala yokongola, inki n'kugwiradi, koma yagwira fumbi, ndipo selotepi ikabwera zimanyamukira limodzi. Mphamvu ikachuluka imathanso kuboola timabowo, kapena kukonza ndi kuseri komwe, mpukutu n'kumatirirana wokhawokha. Tinapeza muyeso wabwino cha m'ma 5 koloko m'mawa. Selotepi inabwera yoyera, tsamba lobiriwira litatsala pamalo pake, mawu onse akuwerengeka. Ndinasunga zidutswa zingapo m'kabuku kanga chifukwa cha chimwemwe.

Dzala

Pa Isitala chaka chomwecho ndinapita kumudzi. Madzulo ena tikukazinga chimanga ndinatulutsa zidutswa zija n'kuonetsa amayi.

"Amayi, uyu ndi pulasitiki wa chimanga. Ameneyu mukataya amawola ngati masamba."

Anamugwira, namufinya pafupi ndi khutu, namununkhiza.

"Wa chimanga chomwechi? Ndiye tiyeni timuike pa dzala tione, mwananga."

M'mawa mwake tinakumba m'mphepete mwa dzala kuseri kwa khola, pamene dothi ndi lakuda ndi lonyowa chaka chonse. Mulanje simusowa mvula. Tinakwirira zinthu zinayi, kuya ngati kuchokera pa chigongono kufika ku zala. Pepala la PLA losindikizidwa, lokonzedwa ndi corona. Pepala la PLA losakonza. Chidutswa cha nyuzipepala. Tsamba la nthochi limene amayi anawonjezera okha. Pamalo palionse tinazika kamtengo. Mumtima ndinali ndi chikhulupiriro chakuti lokonzedwa lija lidzatha msanga kuposa linzake, popeza linkamwa madzi mosavuta, ndipo tizilombo timakonda ponyowa.

Ndinabweranso pa Khirisimasi ya chaka chotsatira, itapita miyezi 20. Amayi sanaiwale. Tsiku lachiwiri m'mawa anandipatsa khasu asanandipatse tiyi.

Pa kamtengo ka tsamba la nthochi panalibe kanthu, dothi lokhalokha ndi nyongolotsi. Pa nyuzipepala chimodzimodzi. Pa kamtengo kachitatu khasu linakoka chinthu chomwe chinalira tswa. Ndinagwada n'kufukula ndi manja. Pepala lija linatuluka lathunthu, lamatope, litachita mbuu pang'ono ngati galasi la nyali ya palafini. Mdzukulu wa amayi, mwana wa mlongo wanga, anathamangira madzi m'kapu n'kutsira. Tsamba lobiriwira linaoneka. Mawu onse analipo, ndipo mwanayo, amene anali mu Sitandade 6, anayamba kuwawerenga mokweza, chilembo ndi chilembo, mawu olonjeza kuti paketiyi imawola.

Losakonza lija linatulukanso lathunthu. Kuwaika pamodzi, kusiyana kwake kunali inki yokha.

Amayi anatenga pepalalo, naliyang'ana mbali zonse.

"Mwananga, si uja munati ndi wa chimanga? Nanga chiswe chamukaniranji?"

Ndinalibe yankho. Chimene chinandilasa kwambiri sichinali kungoti pepala silinawole. Chinali chakuti inki inagwira bwino chotero. Ntchito ya manja anga, usiku wonse uja woyeza ndi kukweza pang'onopang'ono, inapirira mvula ya nyengo ziwiri pansi pa dothi la Mulanje, n'kusunga lonjezo lomwe pepalalo silinakwaniritse pamalo amenewo. Ndinali nditauza mayi anga chinthu chosaona, ndikukhulupirira ndi mtima wonse kuti n'choona.

Zomwe ndinadzamvetsa

Nditabwerera ku Durban ndinafunsa injiniya uja, ndipo ndinayamba kuwerenga ndekha. PLA amawoladi, koma ali ndi njira yake. Choyamba madzi ayenera kulowa mkati mwake monse n'kudula unyolo uja kukhala tizidutswa tatifupi. Tizilombo timabwera pambuyo, unyolo utafupika kale. Ndipo kudukako kumayenda mofulumira pokhapokha patatentha mpaka pulasitikiyo kufewa. Muyeso wa ku Ulaya wotchedwa EN 13432, umene mapaketi ambiri amatchula, umanena za malo akuluakulu opangira manyowa. Poyesa, kutentha kumakhala pa madigiri 58, pepala liyenera kuphwanyika m'masabata 12, ndipo magawo 90 pa 100 alionse ayenera kukhala atadyedwa m'miyezi 6. Dothi la pa dzala la amayi silifika pamenepo ngakhale mu Okutobala.

Ndiye plasma ikanathandiza bwanji? Inasintha mita imodzi ya pansonga, pamene ntchito yowola imachitikira m'phiri lonse. Ikhoza kuthandiza madzi ndi tizilombo kugwira pakhungu masiku oyamba, koma khungulo, monga tinaonera, limaiwala lokha.

Sindine woyamba kufukula chinthu chotere. Mu 2019, Imogen Napper ndi Richard Thompson a ku yunivesite ya Plymouth ku Britain anafalitsa zomwe anapeza atasiya majumbo a mitundu yosiyanasiyana m'dothi, m'nyanja ndi pamtunda kwa zaka zitatu. Ena mwa olembedwa kuti amawola anatuluka m'dothi akadali olimba moti ankanyamula katundu wa kusitolo. Palinso mtundu wina, wa pulasitiki wamba wothiridwa mankhwala oti azingophwanyika tizidutswa, umene mayiko a European Union anauletsa kuyambira mu 2021 chifukwa tizidutswato sitimatha.

Izi zikutikhudza kwathu ku Malawi. Malamulo oletsa mapulasitiki opyapyala osafika ma micron 60 anakhazikitsidwa mu 2015, makampani anakatenga ziletso kukhoti, ndipo mu 2019 khoti lalikulu la apilo linagamula kuti lamulolo liime. Nkhondo imeneyi tonse taiona ikukokedwa zaka ndi zaka. Mantha anga ndi akuti tsiku lina wina adzabwera ndi jumbo lopyapyala lomwelo, lojambulidwa tsamba lobiriwira, n'kunena kuti ili ndi lowola, lilekeni lidutse. Funso loyenera kumufunsa ndi la amayi lija. Liwola kuti? Pa kutentha kotani? Kumudzi kwathu kulibe galimoto yotola mapaketi kupita nawo ku malo otentha madigiri 58. Kuli dzala, kuli ngalande, kuli mbuzi.

Sindikunena kuti mapulasitiki onse owola ndi bodza. Alipo a mtundu wa PHA, opangidwa ndi mabakiteriya m'matupi mwawo, omwe Maurice Lemoigne anatulukira woyamba wake ku France m'zaka za m'ma 1920. Amenewa amadyedwa m'dothi wamba mosavuta kuposa PLA, kungoti ndi okwera mtengo. Alipo osakaniza ndi sitachi wambiri, amene amawola msanga koma vuto lawo ndi kumwa chinyezi. Pamenepo ndi pamene ndimaona kuti plasma ili ndi ntchito yoyenera dziko ngati lathu, lomwe chinangwa chimachita bwino ku Nkhata Bay ndi ku Nkhotakota. Mkati mukhale chinthu chomwe dothi lathu limadyadi, ndipo plasma ingoveka khungu lopyapyala loteteza ku chinyezi ndi logwira inki kwa miyezi yomwe paketi ili pa shelefu. Palinso chizindikiro cha bungwe la TÜV Austria cholembedwa OK compost HOME, chomwe amayesa pa kutentha kwa madigiri 20 mpaka 30. Ndikaona paketi masiku ano, ndimayamba kufunafuna mawu amenewo.

Kuntchito ndinasintha zinthu ziwiri. Mpukutu uliwonse wa PLA ndimauyeza ndi zolembera usanakwere pa makina, kaya chikalata chikunena zotani, ndipo ndimalemba tsiku pambali pake. Chachiwiri chinali chovuta. Pa msonkhano wina ndi kasitomala, umene ine ndinangoitanidwa kuti ndikafotokoze za mitundu ya inki, ndinatulutsa pepala la pa dzala lija m'kabuku n'kuliika pa tebulo. Ndinafotokoza kumene linakhala ndi kwa miyezi ingati. Panali chete. Paketi yotsatira inabwera ndi mawu owonjezera, onena kuti imawola m'malo opangira manyowa a mafakitale okha. Zilembo zake ndi zazing'ono kuposa momwe ndikanafunira. Ndimazisindikiza ndine, ndipo ndimaonetsetsa kuti zikuwerengeka.

Chimato

Pepala losakonza lija linatsala ndi amayi. Ndinkaganiza kuti analitaya, koma mu Meyi, atakolola, anandiimbira pa WhatsApp kudzera pa foni ya mdzukulu wawo.

"Mwananga, munati chija chimafuna kutentha?"

"Eya amayi, kutentha ndi chinyezi, kwa masabata ambiri."

"Ndiye dzala silinali malo ake. Chaka chino ndikuumba chimato. Mukalowetsa dzanja mkati mwa chimato sabata yoyamba simupirira."

Anali ndi mfundo. Mulu wa mapesi, masamba aawisi ndi ndowe, womatidwa ndi dothi kunja konse, umasunga kutentha kwake ngati uvuni. Ndinagula choyezera kutentha chokhala ndi ndodo yaitali, chonga chomwe ophika nyama amagwiritsa ntchito, n'kupatsira mnzanga wina amene ankakwera basi yopita ku Blantyre. Ndinatumizanso zidutswa zatsopano zinayi, ziwiri zokonzedwa ndi corona m'mawa wa tsiku lomwelo, ziwiri zosakonza, chilichonse m'kathumba ka neti yakale ya udzudzu kuti chisasowe mu muluwo.

Anaumba chimato Loweruka. Mdzukulu amalowetsa choyezeracho pa bowo la pamwamba m'mawa uliwonse asanapite kusukulu, n'kulemba m'kope. Lolemba 44. Lachitatu 52. Lachisanu anandiimbira ndili pa makina, ndinatuluka panja kuti ndimve bwino.

"Lero yatsika, ili pa 49," anatero amayi. "Ndowe ya ng'ombe yokha ndi yozizira. Mulu wachiwiri ndithiramo chitosi cha nkhuku, ndauza kale anzanga a kumpingo kuti asataye. Inu mutumize mapepala ena."